Masamba Pamsewu wa kwa Mdyankhanga

Kwathu kwa Mdyankhanga galimoto siima. Kudutsa imadutsa, ikuchokera kudoko ndi nsomba kuthamangira kumsewu wa tala, koma kuima ayi. Madalaivala amatiyang'ana ngati zitsa za m'mbali mwa msewu. Ine ndine Kettie, ndinabadwira komweko, ndipo fumbi la galimoto zimenezo ndalimeza kokwanira moti palibe angandiuze kanthu.

Kale kunkabwera kaminibasi kuchokera ku Khombedza, m'mawa ndi madzulo. Nthawi imeneyo mudzi unali mudzi. Kenaka anyamata anayamba kuchoka, uyu ku Joni, uyu kumaloji ku Senga Bay, wina ku Lilongwe kukazungulira ndi malonda m'manja. Atsikana anawalondola. Mwini minibasi anati sangamawotche mafuta chifukwa cha nkhalamba ndi nkhuku zawo. Minibasi itasiya kubwera, otsala aja nawonso anamanga katundu, ati sangakhale kopanda galimoto. Ngakhale mayi athu, a Nabanda, anakakhala ku Khombedza komweko, kumene amagulitsa mpunga pamsika. A kalembera atabwera anatiwerenga tonse osatuluka ndi thukuta lomwe. Titapita kukadandaula za msewu, bwana wina wovala tayi anatiuza kuti msewu umapita kumene kuli anthu. Ine ndinamufunsa kuti nanga anthuwo amakhala kumene kuli chiyani? Anangoseka n'kuyang'ana wotchi.

Mwamuna wamphamvu amene anatsala m'mudzi monse anali mmodzi, alamu anga a Yesaya, amuna a mng'ono wanga Zione. Ndinkawaseka tsiku ndi tsiku. "Alamu, anzanu onse ali ku Joni, inu munasochera pati?" Iwo ankangomwetulira, poti ndi munthu wa mawu ochepa, n'kunena kuti wina ayenera kutsala wotseka makola. Denga likadontha, a Yesaya. Njoka ikalowa m'khola, a Yesaya. Kukagwa maliro, ndipo maliro ndiwo sasowa m'mudzi wa nkhalamba, a Yesaya omwewo ndiwo ankakumba manda pamodzi ndi adzukulu a midzi ina. Ndiwonso ankadula nthambi zamasamba n'kukayala pamsewu, mbali ya kunyanja ndi mbali ya kutala, kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta, achepetse liwiro, wanjinga atsike.

Zione anali woyembekezera, mimba yake yoyamba atakhala zaka zambiri akuifuna. Kusikelo anamuuza kuti mwezi wotsatira akagonere kuchipatala kudikirira tsiku lake, ndipo zitenje ndi beseni anali atalongedza kale. Tsiku limenelo, m'mwezi wa Febuluwale, mvula inali itagwa mpaka kucha. Ine ndikusesa pakhomo ndinamva akundiitana, osati mokuwa, koma ndi mawu amene sindinamumvepo nawo.

"Achemwali, tabwerani muone."

Ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa nyumba, mbale zimene ankatsuka zili mbwee, chitenje chanyowa ndi magazi. Ine ndabereka, ndathandizapo anzanga pobereka, magazi ndimawadziwa. Awa sanali a munthu amene nthawi yake yakwana. Ankangotuluka, osalekeza.

Ndinatenga foni n'kuthamangira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, malo okhawo amene netiweki imagwira kwathu. Kuchipatala anandiyankha bwino, koma anati ambulansi yapita ndi wodwala wina kuboma, ndiye tipeze njira timubweretse msanga. Njira yake iti? Ngolo yomaliza inachoka ndi eni ake. Ndinaimbira Haruna, amene tinaphunzira naye kupulaimale, tsopano amayendetsa kagalimoto konyamula anthu pa Khombedza.

"Musadandaule achemwali, ndingotsitsa anthu ndanyamulawa, ndikubwera," anatero Haruna. "Inshallah sindichedwa. Koma mumutulutsire kumsewu waukulu, kanjira ka m'mudzi mwanu ndi matope okhaokha, ndikatitimira."

Ndisanamuuze kuti atipeza pamtengo wa mango, foni inazima. Sola inali isanaone dzuwa sabata yonse.

A Yesaya anali kumpunga. Atamva kuitana kwanga anafika akuthamanga, matope mpaka m'ntchafu. Sanafunse zambiri. Anazula chitseko cha nyumba yawo, tinamugoneka Zione pamenepo, ndinamufunditsa chitenje chifukwa ankati akumva kuzizira. Kutsogolo ananyamula iwo okha, kumbuyo ine ndi amayi ena awiri amene msana unawathera kalekale. Tinkayenda pang'ono n'kutula, kuyenda pang'ono n'kutula. Tinadutsa pakati pa nyumba zokhoma, zina udzu utamera pakhomo, ndipo ine ndinkatukwana eni ake mumtima, mmodzimmodzi ndi dzina lake. Kale chitseko chimenechi anyamata akanachinyamula akuthamanga mpaka kutala.

Tinafika pamtengo wa mango uja, m'mbali mwa msewu. Amayi awiri aja anabwerera kukatenga madzi ndi zitenje zina. Pamalo amenewa msewu wochokera kunyanja umaoneka patali, koma wa kutala umakhota pafupi pomwepo n'kubisika kuseri kwa bango. Maso anga anali pakona imeneyo.

Haruna sanaoneke. M'malo mwake kunatulukira pikapu ya nsomba kuchokera kudoko. A Yesaya anaimika manja onse awiri, akuloza pamene panagona Zione. Dalaivala analiza hutala n'kudutsa, wailesi ili pamwamba. Ina itabwera, alamu anga anaima pakati penipeni pa msewu. Ndinaona ndi maso angawa, galimoto ija sinachepetse n'komwe. Analumphira m'ngalande, ndipo matope a matayala anatiwaza tonse, mpaka kumaso kwa Zione.

Ndinamupukuta. Milomo yake inali itayera. Anandigwira dzanja n'kuliika pamimba pake.

"Achemwali, akusuntha?"

"Akusuntha," ndinatero. Sindinamve kanthu.

Nditadzutsa mutu ndinaona a Yesaya atatenga chikwanje chawo cha kumunda, akusadza nthambi za mango.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikuimitsa galimoto."

"Ndi masamba? Mutu wanu ukuyenda bwino? Mkazi wanu akupuma uyu, inu mukufuna kumuitanira malodza?"

Anaima, nthambi ili m'manja. Maso anali ofiira, koma analankhula modekha.

"Alamu, mwaona nokha, anafuna kundiponda. Madalaivala awa saopa munthu wamoyo. Amaopa maliro. Akangochepetsa liwiro, ine ndigwira chitseko cha galimoto, sindisiya."

Zimene ananenazo zinali zoona. Ndinayang'ana magazi amene anali atayamba kudontha kuchokera pachitseko, ndinawaleka adule.

Anakoka nthambi kukayala mbali ya kunyanja. Atabwerako anadula zina n'kulowera nazo kuseri kwa bango, mbali ya kutala. Sindikhulupirira kuti anaganiza n'komwe. Manja awo anazolowera kuti masamba amaikidwa mbali zonse ziwiri, pamalo omwewo pamene amaika nthawi zonse.

Ndipo zinagwiradi ntchito, ndicho chimandipweteka. Pikapu yotsatira itafika pamasamba inachepetsa liwiro. Wailesi inazima. Dalaivala anavula kapu n'kuiika pamiyendo, galimoto ikuyenda ngati ikuponda mazira. A Yesaya anathamanga n'kukakamira pazenera.

"Bwana, tithandizeni, mkazi wanga. Chipatala basi. Tikhala pamwamba pa nsomba pomwepo."

Dalaivala anasuzumira n'kuona munthu atagona pachitseko, atafunditsidwa chitenje, osagwedezeka.

"Pepani achimwene, pepani kwambiri ndi zovutazi. Koma maliro ndi nsomba sizikwera limodzi. Anthu akamva, andigula ndani?"

"Si maliro, ali moyo. Tsikani mumuone."

"Nanga masambawa?"

Ine ndinavundukula chitenje kuti aone nkhope. Ndinati, "Zione, tsegula maso, awaone bambowa." Koma Zione anali atakomoka, mutu wagwera kumbali. Dalaivala anapukusa mutu, anati pepani kachiwiri, n'kuponda mafuta. Alamu anga anathamanga nayo galimotoyo atagwira zenera mpaka anagwa chafufumimba. Ine ndinamukuwira dalaivalayo mawu amene sindingawabwereze, ndinamalizira ndi kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sanamve, wailesi anali atayatsanso.

Pasanapite nthawi, kumudzi kunamveka kulira. Anayamba mayi mmodzi, ena n'kulandira. Wina anali ataona masamba pamsewu, ndipo onse anali atationa tikudutsa ndi munthu pachitseko. Nkhalamba za kwathu maliro sizichedwa nawo, zimakhala ngati zimangodikira. Ndinapsa mtima koopsa, koma sindikanamusiya Zione, ndipo a Yesaya sakanachoka pamsewu. Amayi awiri aja atabwera ndi madzi akusisima, ndinawakalipira kuti abwerere akatontholetse anzawo. Anapita ndi miyendo yawo ya nyamakazi, koma kulira kukayamba m'mudzi sikuzima ndi mawu a munthu mmodzi.

Zione anatsitsimuka nditamuwaza madzi kumaso. Anamvetsera.

"Achemwali, akulira ndani?"

"Palibe. Ndi agogo aja, ukuwadziwa mutu wawo."

"Haruna wabwera?"

"Ali panjira."

Dzuwa linatuluka m'mitambo, linafika pamutu, linayamba kupendeka. Galimoto za nsomba zinatha, poti zimadutsa m'mawa mokha. Msewu unangoti zii. Ndinang'amba chitenje changa, ndinatsinikiza, chinanyowa, ndinang'amba china. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, kenaka ndinayamba kukangana naye Mulungu ngati mnzanga wa pachitsime. Haruna ndinamutukwana mpaka makolo ake. A Yesaya anati amubereke kumsana ayende naye. Tinayesa, koma titangomudzutsa magazi anakhuthuka, iye n'kukomokanso. Anati athamange okha kutala akagwire galimoto, anayenda pang'ono, anabwerera, ati bwanji Haruna akafika iwo palibe, amukweza ndani. Ankangozungulira pamsewupo ngati nkhuku yodulidwa mutu. Ine ndinali ndi mantha amene sindinakhalepo nawo chibadwire, ndipo ndinkadziwa kuti mng'ono wanga akuthera m'manja mwanga.

Kenaka tinamva injini kuseri kwa bango. Kagalimoto ka Haruna kanatulukira pakona, koma kakuyenda pang'onopang'ono, ndipo m'kati munkamveka kulira. Kasanaime n'komwe chitseko chinatseguka, mayi athu a Nabanda anagwera pansi, mpango uli m'manja, akudzigubuduza m'matope.

"Mwana wanga Zione, wandisiya ndi yani ine? Zione mwana wanga, ndikanadziwa sindikanachoka."

Ndinaimirira. "Amayi, mukulira chiyani? Ali moyo uyu."

Haruna anali atatsika, manja ali kumbuyo monga amachitira munthu pamaliro. Atamva mawu anga anaima chilili. Anayang'ana pachitseko, anayang'ana ine.

"Ali moyo?"

"Unali kuti iwe, Haruna? Tsiku lonseli unali kuti?"

"Achemwali, ine ndinabwera," anatero. "Wallahi ndinabwera, dzuwa lisanafike pamutu. Ndinafika pakona apo, ndinapeza masamba. Kumudzi kukumveka kulira. A Sidiki anali pomwepo atatsika njinga, ndinawafunsa, anati ndi mwana wa a Nabanda, amuona atamunyamula pachitseko atamufunditsa. Foni yanu sinkagwira. Ndinati ndachedwa, ndawalakwira anthuwa, ndibwera bwanji chimanjamanja? Bola ndikawatengere mayi awo. Ndiye kumsika sindinawapeze, anali atapita ku Chinguluwe kukapikula mpunga, ndinawalondola komweko."

A Sidiki ndi nkhalamba ya m'mudzi mwathu, munthu wosanama chibadwire. Ananena zimene maso awo anaona. Kuchokera pakona ija kufika pamtengo wa mango, munthu atakuwa mnzake amamva. Galimoto inafika pamenepo Zione akadalankhula, inatembenuka, ife tili kuseri kwa bango tikuyang'ana njira. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma ndikanamukalipira bwanji Haruna? Anawotcha mafuta ake kuchitira ulemu maliro athu.

Ndinatembenukira kwa alamu anga. Ndinkafuna kuwamenya, ndikunena zoona, dzanja linali litanyamuka kale. Koma nditaona nkhope yawo dzanja linagwa lokha. Anali akuyang'ana kukona kuja, pakamwa pali yasa.

Mayi anakwawa mpaka pachitseko. Anamugwira Zione kumaso, akumuitana dzina lake la paubwana. Zione anatsegula maso pang'ono, anawayang'anitsitsa, anaona matope ndi misozi.

"Amayi, mwabwera. Kwagwa maliro a ndani?"

Tinamunyamula n'kumugoneka pampando wa kumbuyo, mutu pamiyendo ya mayi, miyendo pa ine. A Yesaya anakhala kutsogolo. Haruna anayendetsa monga sindinaonepo munthu akuyendetsa, galimoto ikutsetsereka m'matope uku ndi uku, iye akunong'ona mapemphero a Chiarabu. Pakona tinaponda masamba aja osachepetsa. Ine ndinkangoti, "Zione, usagone, tafika, ukumva? Tafika." Mayi ankamuimbira kanyimbo ka kutchalitchi, mawu akuduka.

Tala inaonekera kutsogolo, malole akudutsana, maminibasi odzaza anthu, njinga zamoto, galimoto zambirimbiri zopita kulikonse kumene munthu angafune. Pamenepo ndi pamene dzanja la Zione, limene linandigwira chiyambire m'mawa, linamasuka. Mayi anasiya kuimba. Ndinawayang'ana, anandiyang'ana, tonse sitinanene kanthu chifukwa cha munthu amene anakhala kutsogolo uja, amene ankauzabe Haruna kuti athamange.

Kuchipatala namwino anatuluka mothamanga. Anamugwira Zione pakhosi, anamvetsera pamimba nthawi yaitali, kenaka anamufunditsa chitenje mpaka kumutu. Anatifunsa mwaulemu kuti tachokera kuti. Nditamuuza kuti kwa Mdyankhanga, anati sakudziwako.

Tinabwerera naye m'mawa mwake, m'galimoto ya Haruna yomweyo. Njira yonse a Yesaya sanalankhule, sanalire, sanamwe ngakhale madzi. Titayandikira kona ya bango anamugwira Haruna paphewa kuti aime. Ndinadziwa chimene ankafuna. Kwagwa maliro m'mudzi, ndipo woika masamba pamsewu ndi iwo, palibenso wina. Anatsika, anayenda pang'ono cha kutchire ngati akukafuna nthambi, kenaka anaima. Masamba anali pomwepo, ofota pang'ono, ena atakankhidwira m'mbali ndi matayala athu.

Anawerama, anatola nthambi imodziimodzi n'kuzibwezera pakati pa msewu, mwadongosolo, monga amachitira nthawi zonse. Atamaliza anabwera pazenera langa.

"Alamu, kunyanja kuja ndinaikako kale," anatero.

Ndiye anakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kulira. Ine ndinatsika, ndinakhala nawo.

Tinamuika Zione ndi mwana wake tsiku lotsatira. Manda anakumba adzukulu a midzi ina, chifukwa kwathu kunalibe wogwira khasu. Anyamata a ku Joni anatumiza mauthenga opepesa pafoni. M'mawa wonse wa tsiku limenelo mapikapu a nsomba ankadutsa pang'onopang'ono, mawailesi atazima, madalaivala atavula makapu. Panalibe ndi imodzi yomwe imene inaima.